Dona Anastácia ndi Njinga ya m'Disiketi

Anthu ambiri a ku Milange amamudziwa Dona Anastácia Mucuapa monga mayi wotayipa makalata. Kashopu kake kali kuseri kwa msika, pakati pa wogulitsa masipoko a njinga ndi telala wina wochokera ku Gurúè. Munthu akafuna kalata yopempha malo, yofunsira ntchito kapena yokatengera chiphaso ku boma, amakhala pabenchi ya pakhonde n'kufotokoza nkhani yake m'Chinyanja kaya m'Chilomwe, iye n'kuitembenuza kukhala Chipwitikizi chimene a m'maofesi amafuna. Akakhala pantchito sachuluka zolankhula. Amangofunsa dzina, la bambo, la mayi ndi mudzi, kenako zala zimayamba kuyenda.

Anabadwira ku Mongue mu 1973. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu nkhondo inafika kwawoko, banja lonse linawolokera ku Malawi, ndipo anakhala zaka zisanu ndi zitatu mumsasa wa othawa nkhondo chakufupi ndi Mulanje. Kutayipa anaphunzirira kumeneko, pa makina akale omwe chilembo cha "e" chinali chothyoka, moti akamaliza tsamba ankachita kubwerera ndi bolopeni kudzaza mipata. Atabwerera kwawo mu 1994 anapeza munda wa makolo uli thengo, pamene panali nyumba pangotsala chulu. Abale ake anagwira makasu. Iye anamva kuti bungwe lina logawa mbewu kwa obwerera kwawo likufuna wotayipa ku Milange, anayenda wapansi kukadzionetsa, ndipo anamulemba tsiku lomwelo poti panalibenso wina wodziwa ntchitoyo.

Mu ofesi ya bungwelo munali kompyuta imodzi, yoyaka ndi jenereta. Amene ankasamala jeneretayo, komanso wailesi yolankhulirana ndi a ku Quelimane, anali a Belarmino Nahipa, Mlomwe wa ku Molumbo, bambo wamfupi wokonda kumasula zinthu kuti aone m'kati mwake. Mlendo wina wogwira ntchito pabungwepo anasiya buku lophunzitsa kulemba malamulo a kompyuta. A Belarmino analitola, ndipo masana aliwonse mabwana akapita kokadya ankakhala pakompyutapo, buku pamwendo, kujompha makiyi ndi zala ziwiri. Itatha miyezi ingapo anaitana Anastácia, yemwe ankamutchula kuti mana, kutanthauza chemwali.

"Tabwerani muone, mana. Dinani apa."

Pagalasi lakuda panaoneka kamunthu kakang'ono kali panjinga, kumbuyo matumba atatu a chimanga. Kankachokera kumanzere komwe kunalembedwa Mongue, ndipo kanayenera kukafika pamsika wa Milange. M'njira munali maenje, mbuzi, mchenga, ndi timiyala tofiira tosonyeza malo a mabomba okwirira. Munthu ukachedwa kudina, njinga inkagwa, matumba n'kumwazika, kompyuta n'kulira kamawu konga ka mwanapiye.

Mawu a m'seweromo ndiwo anamuseketsa Anastácia. A Belarmino ankalemba Chinyanja m'kalembedwe ka Chipwitikizi, chimanga n'kukhala "tximanga". Iye, poti anaphunzira sukulu ku Malawi, anawasuntha pampando n'kulemba zonse mwatsopano. Njinga ikagwa pankatuluka mawu akuti, "Mwagwa achimwene. Tolani chimanga." Mbuzi ikagundidwa, "Mwini mbuzi akubwera." Seweroli analitcha Njinga basi.

Madalaivala a bungwelo analikonda kwambiri, ena mpaka kuphonya chakudya. Koma panali malo amodzi omwe palibe anawadutsapo. Ukapambana zonse unkafika pamlatho womaliza usanalowe m'tauni, ndipo pamenepo njinga inkagwera m'madzi, kaya uthamange kaya uyende pang'onopang'ono. Akawafunsa a Belarmino chinsinsi chake, ankangoseka n'kunena kuti, "Yesaninso mawa."

Mu 1998 bungwe lija linatseka ofesi. Kompyuta anaikweza mulole kupita nayo ku Quelimane, a Belarmino anabwerera kwawo ku Molumbo. Pa zinthu zoti zitayidwe panali kabokosi ka madisiketi, timapulasitiki tating'ono ta ngodya zinayi tomwe kale ankasungiramo zolemba za pakompyuta. Anastácia anakatenga chifukwa kabokosiko kanali ndi chivundikiro chabwino, anaganiza kuti adzasungiramo singano ndi mabatani. Sanafike pochotsamo madisiketiwo. Kanalowa pansi pa sutikesi yachitsulo, pamodzi ndi khadi la kumsasa ndi nsalu za malemu mayi ake.

Zaka zotsatira anakhala akutayipa pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi maofesi a boma, makina ali patebulo lopinda. Anakwatiwa ndi kalipentala, anabereka ana aakazi awiri, mwamunayo anamwalira mu 2007. Patapita zaka zitatu anapeza kashopu kaja, kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito ndi pulinta. Za sewero la Njinga sankazikumbukira n'komwe.

Tsiku lina mu 2022, mvula ikugwa kuchokera kuphiri la Tumbine, anabwera Profesoro Ilídio, mphunzitsi wa masamu pasekondale, bambo wa imvi za m'mbali, kudzasindikizitsa mayeso. Pulinta inali kutulutsa mapepala mwaulesi monga mwa masiku onse. Mphunzitsiyo anapempha kukhala pakompyuta podikira. Anastácia anali kusanja mapepala atafulatira pamene anamva kamawu kaja ka mwanapiye. Anatembenuka.

"Chimenecho n'chiyani, profesoro?"

"Masewera akale, dona. Amene tinkasewera ku Nampula tili pasukulu ya uphunzitsi."

Anamufotokozera kuti pa intaneti pali nkhokwe zosungiramo masewera a pakompyuta omwe eni ake anawasiya kalekale. Makampani ena anatha, ena anaiwala kuti anapangapo zoterezi, ndipo makompyuta amakono sangawatsegule. Ndiye pali anthu m'mayiko osiyanasiyana amene amawatolera m'madisiketi akale, kuwakopera n'kuwaika pamalo amodzi, pamodzi ndi pulogalamu yonamiza kompyuta yatsopano kuti izichita ngati yakale. Munthu umangodina dzina la sewero, n'kuyamba kusewera pomwepo.

"Amalipidwa ndi ndani?" anafunsa Anastácia.

"Palibe. Amangomva chisoni kuti zinthuzo zitha."

Kuyambira tsiku limenelo, makasitomala akachepa masana, Anastácia ankatsegula nkhokwe ija. Masewera owomberana sanawakonde. Anakonda ena osanja timabokosi togwa kuchokera kumwamba, ndi ena a mawu okhaokha, omwe kompyuta imakuuza kuti uli m'chipinda chotani iwe n'kulemba chimene ukufuna kuchita. Anapezamo angapo a m'Chipwitikizi, ndipo poti zala zake n'zachangu, ankawamaliza msanga kuposa mphunzitsi uja. Telala woyandikana naye ankasuzumira pazenera n'kupukusa mutu, kuti mayi wamkulu ngati ameneyu akuseweretsa tizidole.

Patatha milungu iwiri analemba mawu akuti "njinga" pamalo ofufuzira. Sipanatuluke kanthu. Analemba "Milange", "Mongue", "chimanga", mpaka "tximanga". Munali masewera zikwi zambiri, ochokera kumayiko omwe ena sanawamvepo, koma la a Belarmino munalibe. Kenako anazindikira kuti panalibe njira yoti likhalemo. Kompyuta ija inatha kalekale, ndipo ngati seweroli linatsala penapake, ndiye kuti linali pansi pa sutikesi yake.

M'kabokosi muja munali madisiketi khumi ndi limodzi. Awiri anali ndi kapepala kolembedwa NJINGA, m'dzanja lake lomwe la utsikana. Vuto linali powalowetsa, poti kompyuta yake inalibe kamwa ya disiketi. Profesoro Ilídio anafunsa kwa okonza mafoni onse a m'tauni, koma ambiri anali asanaonepo chinthucho. Potsiriza mlamu wake, dalaivala wa lole wodutsa pa Muloza, anapeza kamakina kowerengera madisiketi kwa wokonza makompyuta wina ku Limbe, kolumikiza ndi waya. Kanatenga miyezi iwiri kuti kafike.

Mwamwayi Anastácia anayamba ndi disiketi ina yopanda ntchito, ya mndandanda wa olandira mbewu. Kamakinako kanalira ngati munthu akupala poto, ndipo atatulutsa disiketiyo anaona mzere woyera wozungulira m'kati mwake. Inali itakandika, osawerengekanso. Chinyezi cha ku Milange chinali chitameretsa nkhungu m'madisiketi onse.

Sanayesenso ina. Pankhokwe ija panali malo ofunsirapo mafunso, ndipo analembapo m'Chipwitikizi chake cha m'makalata a boma, kuyamba ndi ulemu wonse n'kumaliza ndi dzina ndi deti. Patapita masiku atatu anayankhidwa ndi mayi wina wa ku Brazil, wopuma pantchito yosamala mabuku, yemwe tsopano ankathandiza kusunga masewera a m'Chipwitikizi. Mayiyo anamuuza kuti atsegule kachitseko kachitsulo ka disiketi, apukute pang'onopang'ono ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti uku akuzunguza ndi chala, aisiye iume tsiku lathunthu, ndipo apukutenso m'kati mwa kamakina kaja. Anamutumiziranso pulogalamu yokopera disiketi yonse mmene ilili, malo abwino ndi owonongeka omwe.

Anastácia anagwira ntchitoyo Lamlungu masana atachokera kutchalitchi, shopu ili yotseka, pakhomo ataikapo mpando. Disiketi yoyamba inawerengeka koma koyambirira kwake kunali kowonongeka. Yachiwiri inali yowonongeka chapakati. Anatumiza zonse ziwiri, ndipo mayi wa ku Brazil anazilumikiza, kutenga kwabwino kwa ina n'kuphatikiza ndi kwabwino kwa inzake. Lachinayi lotsatira Anastácia anadina pomwe anamuuza, ndipo kamunthu kaja kanatulukira kumanzere ndi matumba ake atatu. Anagwa padzenje lachiwiri. Anawerenga mawu omwe analemba ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, n'kuona kuti pa "achimwene" anaiwala kuika koma, kachizindikiro kopumira kaja. Anaseweranso mpaka kasitomala anagogoda patebulo.

Mayi wa ku Brazil anali ndi mafunso awiri. Loyamba, anati wayang'ana m'kati mwa pulogalamuyo ndipo kupitirira mlatho womaliza kulibe chilichonse, msika wa Milange mulibemo, ndiye ankafuna kudziwa ngati pali disiketi yachitatu. Lachiwiri, anafunsa ngati wopanga seweroli ali moyo. Anati ngati ali moyo, mpofunika anene yekha kuti walola kuti liikidwe poyera.

Anastácia anali asanawaone a Belarmino zaka makumi awiri ndi zinayi. Anafunsafunsa kwa ogula nandolo obwera kuchokera ku Molumbo, ndipo wina anati kuli mdala wokonza mawailesi wa dzina limenelo, kupitirira pamsika pang'ono. Mu Ogasiti, msewu utauma, anabwereka laputopu ya Profesoro Ilídio, anaikulunga m'chitenje, anakwera galimoto yapamtunda yonyamula anthu ndi katundu, kenako njinga yamoto. Anafika dzuwa lili pamutu, fumbi mpaka m'nsidze.

Anawapeza pakhonde, atazunguliridwa ndi mawailesi otsegula ndi nyale za sola. Maso awo anali atachita ng'ala, ankagwira ntchito mopapasa. Akazi awo, mayi Edite, anali kupeta nandolo pabwalo. Anastácia anapereka moni n'kutchula dzina lake.

"Mana Anastácia wa pa makina?" anatero a Belarmino. "Mawu okhawo sanasinthe. Edite, mpando. Awa ndi aja ankandikonzera Chinyanja."

Atafunsana za ana ndi za omwe anamwalira, Anastácia anatsegula laputopu n'kuiika pamiyendo pawo. Kamawu ka mwanapiye katangolira, a Belarmino anawerama. Anayandikitsa nkhope pagalasi mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza. Zala ziwiri zija zinapeza makiyi zokha. Anadutsa dzenje loyamba, lachiwiri, anazemba mbuzi, ndipo Anastácia anaona kuti sakuyang'ana kwenikweni, akungowerenga nthawi mumtima. Anakafika pamlatho ulendo woyamba womwewo, njinga n'kugwera m'madzi.

"Ndiye kuli disiketi ina, achimwene?" anafunsa Anastácia. "Ya kutsidya kwa mlatho?"

"Kulibe. Simukumbukira? Mlatho umenewo unali wothyoka nthawi imeneyo. Aliyense ankatsitsa matumba n'kuwoloka nawo pamutu. Ine ndinati ndiikamo msika tsiku limene adzaukonze, kuti madalaivala aja adzadabwe. Bungwe linatseka mlatho usanakonzedwe."

"Ndiye munkatinamiza kuti tiyesenso mawa."

"Sindinkanama. Ndinkadikira nanenso."

Anastácia anawafotokozera za nkhokwe ija ndi za mayi wa ku Brazil, n'kuwapempha chilolezo. A Belarmino anamvetsera mutu uli cham'mbali. Anati alola, koma ayambe alimaliza. Mlatho unakonzedwa kalekale, ndipo sakufuna anthu a kumayiko ena aziti ku Mozambique kuli munthu wopanga zinthu zosatha.

"Amene amasunga zimenezi amafuna chinthu mmene chinalili," anatero Anastácia. "Ngakhale koma imene ndinaiwala ine ndaisiya dala."

"Koma imeneyo ndi yanu. Njingayi ndi yanga."

"Ndi yanu ndithu. Koma amene anasewera mu 1996 anagwera m'madzi onse. Mukasintha, lidzakhala sewero lina, osati limene ankasewera a Osório ndi madalaivala anzawo lija."

A Belarmino anatseka laputopu n'kuyamba kupapasa wailesi ina. Mayi Edite, omwe ankamva zonse ali chipetere, anaika lichero pansi.

"Inu, abambo, m'nyumbamu muli zinthu zingati zimene munati mudzamaliza? Mpope wa madzi uja uli kuseriku chaka chachisanu ndi chimodzi. Awa abwera ndi fumbi kuchokera ku Milange. Auzeni za mlathowo alembe, anthu akawerenge okha."

Anagwirizana motere: lakale liikidwe mmene lilili, pansi pake palembedwe mawu a mwini wake, ndipo akadzapanga lomaliza lidzaikidwe pambali pake. Anastácia anatsegulanso laputopu, a Belarmino anayamba kunena, iye akutayipa. Ananena za buku lija, za jenereta yomwe inkazima pakati pa ntchito n'kuwatayitsa zolemba za sabata yathunthu, za timiyala tofiira tomwe anatiikamo mwana wa mchemwali wawo atavulala ku Mongue. Zimenezi Anastácia sankazidziwa. Ananena m'Chilomwe, m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi mosakaniza, ndipo atamaliza anauza Anastácia kuti awawerengere kawiri. Anachotsetsa chiganizo chimodzi chonena za bwana wina, n'kusayina papepala lachilolezo mayi Edite atawagwira dzanja kuwaonetsa mzere.

Seweroli linalowa m'nkhokwe mu Okutobala chaka chomwecho, ndi dzina la a Belarmino monga wopanga, la Anastácia monga wolemba mawu. Iye anamasulira mawu onse a m'seweromo m'Chipwitikizi n'kuwaika m'munsi, kuti alendo adziwe chimene mwini mbuzi akubwerera. Olemba ndemanga sanachuluke. Wina wa ku Angola anati kwawonso kunali milatho yotero. Mwana wa a Osório, mmodzi wa madalaivala aja, analemba kuchokera ku Beira kuti bambo ake asanamwalire ankakonda kunena za njinga ya pakompyuta, ndipo ana onse ankayesa nthabwala.

Za kumaliza sewero zinayenda pang'ono chabe. A Belarmino anaimba foni kangapo, kunena malamulo oti Anastácia alembe, koma ambiri anali atawaiwala, ndipo buku lija linadyedwa ndi chiswe kalekale. Anakwanitsa kujambula denga limodzi la msika. Mvula itayamba anati aona akakolola, ndipo kuchokera pamenepo akaimba foni amangofunsa ngati pali wina walembapo ndemanga. Anastácia amawawerengera, ngakhale ikhale ya mawu atatu.

Mbiri ya kamakina kowerenga madisiketi inafalikira m'tauni kudzera mwa telala uja. Anthu anayamba kubwera ndi madisiketi awo okulunga m'mapepala a shuga: katekisiti wina, mlembi wakale wa kumunda wa tiyi, mayi wina wamasiye wa ku Mocuba. Ambiri mwa madisiketiwo muli makalata, mayina a obatizidwa ndi mapulogalamu a maukwati. Sewero lina la kuno Anastácia sanalipezebe. Amawapukuta onse chimodzimodzi, Lamlungu masana, n'kusindikizira mwini wake zomwe zapezeka. Mayi wa ku Mocuba uja anapeza makalata asanu ndi awiri omwe mwamuna wake analembera boma kupempha chitsime cha m'mudzi mwawo. Anawawerenga ali pabenchi ya pakhonde, kenako anapempha Anastácia kuti amutayipire ina yachisanu ndi chitatu, asinthe deti ndi dzina lokha.